A Kamtedza Awerenga Nsomba ku Sheffield

Chaka cha 2017 chinawayambira moipa a Thompson Kamtedza. Sabata yachiwiri ya Januwale, akuthamangira basi yopita kuntchito, anaterereka pamadzi oundana n'kugwa chagada, kakolo wa mwendo wamanzere n'kuthyoka. Kuchipatala anawaika chikhakha, nawauza kuti akhale pansi masabata asanu ndi atatu, mwendo uli pampando. Kwa munthu amene kwa zaka khumi ndi zitatu ankalawira kukanyamula makatoni m'weyahausi ya kunja kwa tauni ya Rotherham ku Ulaya, kukhala pansi kumeneko kunali ndende yeniyeni.

Akazi awo, a Lucy, anali namwino pachipatala cha m'tauni momwemo. Ntchito yawoyo ndi imene inasamutsa banja lonse kuchoka ku Salima m'chaka cha 2004. M'mawa akamanyamuka ankawasiyira amuna awo tiyi m'fulasiki, buledi ndi rimoti. Pofika sabata yachitatu, a Kamtedza anali atadziwa maina a agalu onse a mumsewu mwawo, ndipo anali atayamba kukangana ndi anthu owerenga nkhani pakanema.

Loweruka lina m'mawa kunafika Kondie, mwana wawo yekhayo. Anali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo ankachita maphunziro a digiri yachiwiri ku yunivesite ku Sheffield, a zamoyo za m'nyanja. Anapereka moni, anagogoda chikhakha cha bambo ake ngati chitseko, kenako anakhala patebulo n'kutsegula laputopu.

"Kodi wabwera kudzationa ife, kapena wabwera kudzaonera kompyuta?" anafunsa a Kamtedza.

"Zonse, adadi. Ndili ndi mavidiyo makumi asanu ndi limodzi oti ndimalize Epulo asanathe. Iliyonse ndi ya ola lathunthu. Maso anga atha."

Mavidiyowo ankachokera kutali, ku chilumba cha Nangata, m'nyanja yamchere kumpoto kwa Mozambique. Anthu a pachilumbapo anagwirizana m'chaka cha 2012 kuti chigawo chimodzi cha nyanja chitsekedwe, asaponyemo ukonde kapena mbedza munthu aliyense. Kuti aone ngati kutsekako kukuthandiza, chaka chilichonse oyang'anira malowo ankamangirira makamera pa zipilala za simenti pansi pa madzi, zisanu ndi chimodzi mkati mwa malo otetezedwawo, zisanu ndi chimodzi kunja kwake. Kutsogolo kwa kamera ankapachika kathumba ka nyambo. Ntchito ya Kondie inali kuonera, kutchula mtundu wa nsomba iliyonse, ndi kulemba chiwerengero chachikulu cha mtunduwo chimene chaoneka nthawi imodzi, kuopa kuwerenga kawiri nsomba yongozungulira.

A Kamtedza anatsitsa mawu a kanema wawo. Kuchokera pasofa ankaiona bwino laputopuyo. Madzi obiriwira, kuwala kwa dzuwa kukugwedezeka pamchenga, ndi tinsomba tachikasu tikudutsa m'timagulu. Anasendera kutsogolo. Anaonerera mphindi zingapo, mpaka pamene Kondie anaimitsa vidiyo n'kulemba nambala.

"Zilipo zisanu ndi ziwiri," anatero.

Kondie sanatembenuke n'komwe. "Zisanu, adadi."

"Bwezera m'mbuyo pang'ono. Imitsa pamenepo. Ukuuona mthunzi uwo, kunsi kwa mwala wakumanjawo? Mwala sukhala ndi diso, mwanawe. Ndiye iyo yayang'ana kunoyo, yaoneka yopyapyala ngati tsamba, nayonso ndi ya gulu lomwelo."

Kondie anakulitsa chithunzicho. Anawerenga ndi chala, n'kuwerenganso. Kenako anatembenuka ndi mpando womwe.

"Mwaziona bwanji muli uko?"

"Nsomba ikaopa chinthu imabisa thupi, koma diso imalisiya panja kuti ione ngati chinthucho chapita. Usamafune nsomba. Uzifuna diso."

"Nanga inu zimenezi munazidziwira kuti?"

A Kamtedza anaseka, nakanda pamwamba pa chikhakha pamene pankayabwa. Kondie ankadziwa kuti bambo ake kumudzi ankagwira ntchito ya nsomba, koma iye anachoka ku Malawi ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo m'mutu mwake ankaona munthu wa dengu panjinga. Tsiku limenelo ndi pamene anamva zonse. Kuyambira ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, bambo akewo anali dayiva wa kampani ina ku Senga Bay, yogwira mbuna zamoyo n'kumazitumiza ku Ulaya kwa anthu oweta nsomba m'mabokosi agalasi. Ankalowa pansi pa madzi ndi paipi ya mpweya mkamwa, yochokera ku kompuresa ya m'boti, n'kukhala komweko maola awiri kapena atatu, kaukonde kali m'manja. Oda ikabwera yoti akufuna zazimuna makumi awiri za mtundu wakutiwakuti, iwo ankadziwa mwala umene zimakhala, ndi mbali ya mwalawo. Maina a Chilatini ankawatchula ngati maina a abale awo.

"Bwanji simunandiuzepo?"

"Titangofika kuno ndinapita ku ofesi ina yopezera anthu ntchito. Ndinamufotokozera mnyamata wa pamenepo zonsezi. Anamvetsera mwaulemu ndithu, kenako analemba papepala kuti ndilibe luso lililonse. Ndiye ndinati basi, za madzi zatsala kumadzi."

Kondie ananyamula laputopu n'kudzakhala pafupi nawo pasofa.

Nsomba za m'nyanja yamchere zinali zachilendo kwa a Kamtedza, choncho pobwerera ku Sheffield Lamlungu, Kondie anawasiyira buku lazithunzi lonenepa ngati Baibulo la paguwa, ndi laputopu yake yakale yokhala ndi mavidiyo a zaka za m'mbuyo, amene ena anawerenga kale. Anati aphunzirirepo. A Kamtedza anaitenga nkhaniyo ngati sukulu. A Lucy akamapita kuntchito ankawasiya ali ndi magalasi pamphuno, pobwera n'kuwapeza ali chomwecho, tiyi atazizira m'fulasiki.

Mtundu uliwonse ankayamba aupatsa dzina lawolawo, dzina la m'buku n'kubwera pambuyo. Zamizeremizere zoyenda ziwiriziwiri anazitcha akwati. Zamlomo wa chinkhwe, zimene zimapala ndere pamiyala tsiku lonse osapuma, anazitcha aganyu. Panalinso chinsomba china chachikulu chamathothomathotho, cha mtundu wa gulupa, chimene chinkaoneka chaka chilichonse pa kamera nambala sikisi. Chinkakhala pakhomo pa mwala wobooka pakati, mlomo wake wakumunsi wong'ambika kumanzere, n'kumangoyang'ana zinzake zikulimbirana nyambo. Chimenecho anachitcha a Disi, bwana wa paboma, poti chimakhala muofesi n'kumadikira kuti anthu abwere okha.

Chimene chinawavuta kumvetsa ndi makorali. Iwo ankati ndi miyala yokongola chabe, ina ngati nyanga za mbawala, ina ngati tebulo, ina ngati bongo. Kondie anawafotokozera pafoni kuti ndi tizilombo tating'onoting'ono tamoyo, tomanga nyumba zamwala pamwamba pa nyumba za makolo awo, ndipo nsomba zonsezo zimadalira mudzi umenewo. Anawauzanso kuti m'chaka cha 2016 madzi anatentha kwambiri, makorali ambiri anayera mbee ngati mafupa, ena n'kufa.

"Ndiye mudzi unapsa," anatero a Kamtedza.

"Unapsa, adadi. Funso ndi loti udzamangidwanso kapena ayi."

Loweruka lililonse Kondie ankabwera, awiriwo n'kukhala limodzi pa mavidiyo atsopano. Ankakangana, ankabetcherana kuti wolakwa atsuka mbale, ndipo a Lucy ankadandaula kuti m'nyumba mwawo mwasanduka doko. Koma ankadandaula akumwetulira, chifukwa amuna awo anali atasiya kukalipira kanema.

Kumayambiriro kwa Malichi, Kondie anaimba foni masana.

"Adadi, Ralph wazindikira."

Ralph anali mphunzitsi woyang'anira kafukufuku wake. A Kamtedza sankamvetsa kuti mwana angatchule bwanji mphunzitsi wake, dokotala wathunthu, ndi dzina loyamba ngati mnzake wosewera naye, koma anali atatopa kumudzudzula.

"Azindikira chiyani?"

"Akuti manambala anga asintha. Ndikupeza nsomba zambiri zobisala kuposa kale, kuposanso anzanga onse. Anandifunsa, ndiye ndawauza zoona, kuti mumandithandiza."

A Kamtedza anavula magalasi. "Ndakulakwitsa sukulu, mwana wanga?"

"Ayi. Koma lamulo ndi loti aliyense wowerenga nsomba ayesedwe kaye, apo ayi manambalawo satengedwa. Akufuna mubwere Lachinayi mudzalembe mayeso."

Lachinayi a Kamtedza anavala suti yawo ya kutchalitchi. Chikhakha chinali chitachotsedwa, koma ankayendabe ndi ndodo imodzi. A Lucy anawakonza tayi pakhomo, nawauza kuti akalephera asabwerere kunyumba. A Kamtedza anakwera basi mpaka ku Sheffield, Kondie n'kuwachingamira pasiteji, ndipo chitunda chokwera ku yunivesite anachimaliza akupumira m'mwamba.

Ralph anali munthu wamtali, wa imvi, wovala juzi yobooka pachigongono. A Kamtedza atamuona anadzimvera chisoni ndi suti yawo. Koma munthuyo anawagwira chanza ndi manja awiri, nawafunsa za mbuna mwachidwi choti mphindi makumi awiri zinatha mayeso asanayambe. Kenako anawakhazika pa kompyuta ya sikirini yaikulu. Panali tizigawo khumi ta mavidiyo a 2016, kalikonse ka mphindi zisanu. Mayankho olondola anali m'envelopu patebulo la Ralph.

Poyamba a Kamtedza ankangoganiza za envelopuyo. Koma madzi atangodzaza sikirini, chipinda chija anachiiwala. Analemba kagawo koyamba, kachiwiri, kachitatu. Maina a Chilatini ankabwera okha. Pa kagawo kachisanu ndi chiwiri anaima. Anabwezera m'mbuyo, anaonanso, anavula magalasi n'kuwapukuta ndi tayi.

"Kondie, tabwera. Apa palembedwa kuti kamera nambala naini?"

"Eya. Naini, kunja kwa malo otetezedwa."

"Si naini iyi. Iyi ndi sikisi."

Kondie anawanong'oneza kuti angowerenga nsomba, zinazo azisiye. Koma Ralph anali atamva kusintha kwa mawu awo, ndipo anabwera kudzaima kumbuyo kwawo. A Kamtedza anafotokoza m'Chingelezi chawo cha m'weyahausi, chala chili pasikirini. Kamera chaka chimenecho inamangidwa mokhota, inayang'ana kumanzere kuposa zaka zonse. Makorali anali atayera, choncho malowo ankaoneka achilendo. Koma m'mphepete mwa chithunzicho munkaoneka theka la mwala wobooka pakati.

"Miyala yobooka ndi yambiri m'nyanja, bambo Kamtedza," anatero Ralph mofatsa.

"Yambiri, inde. Koma dikirani mwini wake."

Anadikira. Tinsomba tinkalimbirana nyambo. Patapita mphindi imodzi ndi theka, m'bowo muja munatuluka mutu waukulu wamathothomathotho, pang'onopang'ono, ngati munthu wosafuna kuvutitsidwa. Unatembenukira ku kamera. Mlomo wakumunsi unali wong'ambika kumanzere.

"Ndi awo a Disi," anatero a Kamtedza. "Ndawaona mu 2013, mu 2014, mu 2015. Nyumba yawo ndi yomweyo. Nsomba ngati iyi sisamuka chisawawa."

Ralph anakoka mpando, anatsegula mavidiyo akale a nambala sikisi, nawaika pambali pa kagawo kaja. Anayang'ana uku, anayang'ana uko. Kenako anagwira mutu wake ndi manja onse awiri n'kuyamba kuseka, kuseka kwa munthu amene wapeza makiyi m'thumba lake atawafuna nyumba yonse.

Nkhani yake inali yotere. Kwa miyezi isanu, manambala a 2016 ankamusowetsa mtendere Ralph. Malo nambala sikisi, amene anali pakatikati pa chigawo chotetezedwa ndipo zaka zonse ankadzaza nsomba, chaka chimenecho ankaoneka opanda kanthu. Malo nambala naini, kumene asodzi amaponya maukonde tsiku ndi tsiku, ankaoneka olemera. Ophunzira ankagawana mavidiyo, aliyense zaka zake ndi malo ake, choncho panalibe amene anaonapo malo amodzi zaka zinayi zotsatizana. Ndipo mu Meyi anthu a ku Nangata ankayenera kukhala pansi kuti agamule ngati chigawocho chikhalebe chotseka zaka zina zisanu. Ralph ankaopa kuti lipoti lake likawauza kuti kudzimana kwawo konse kunapita pachabe.

"Tiyenera kumufunsa Yusufu," anatero. "Iye ndi amene amamanga makamera."

Yusufu anali mkulu wa oyang'anira malo otetezedwawo. Ralph anamuimbira pakompyuta pomwepo. Foni inaitana nthawi yaitali, kenako pasikirini panaoneka bambo wa ndevu zochepa, atakhala pansi pa denga la masamba a kokonati, mphepo ikuwomba mu maikolofoni. Ralph anayamba kufotokoza m'Chipwitikizi chake chothyokathyoka, akusakaniza ndi Chingelezi. Yusufu ankangokwinya nkhope. Mawu ankadukaduka.

A Kamtedza anatembenukira kwa Kondie. "Koma akumvana anthu awiriwa? Ndikuona ngati wina akulima kum'mawa, wina kumadzulo."

Pasikirini paja munthu uja anasendera pafupi ndi kamera.

"Ndani wayankhula Chinyanja kumeneko?"

A Kamtedza anayang'ana Kondie, Kondie anayang'ana Ralph.

"Ndine, achimwene. Thompson Kamtedza, wa ku Salima."

"Salima! Ine kwathu ndi ku Metangula, tsidya linalo la nyanja yomweyo! Kuno kunyanja yamchere ndinabwera ndi ntchito. Zaka zisanu ndi zitatu tsopano, Chinyanja ndimangoyankhula ndi mbuzi zanga. Mukutani ku Ulaya, achimwene?"

"Ndikuwerenga nsomba zanu."

Yusufu anaseka mpaka chithunzi chinagwedezeka. Anafunsana za kumudzi, za mvula, za mwera, za anthu amene mwina onse awiri ankawadziwa. Ralph anangopinda manja n'kumamwetulira, osamva kanthu. Kenako a Kamtedza anafika pa nkhani.

"Tandiuzani, achimwene. Chaka chatha, tsiku limene munamanga kamera pamwala wobooka uja, pamene pamakhala chigulupa chong'ambika mlomo, kunachitika chiyani?"

"Mukuchidziwa chimenecho? Ife timachitcha Mzee, kutanthauza nkhalamba." Yusufu anakanda ndevu akukumbukira. "Tsiku limenelo nyanja inakwiya masana. Tinazula makamera mothamanga, awiri omaliza ndinawaponya m'chidebe chimodzi. Timapepala ta manambala tinanyowa n'kumatuka. Nditafika kumtunda ndinatimatanso mmene ndinkakumbukira." Anaika dzanja pakamwa. "Mayo ine. Ndinasinthanitsa?"

"Munasinthanitsa. Koma palibe chaonongeka. Nsomba zanu zilipo, zonse."

Kondie anamasulira. Ralph anasintha manambala awiriwo pakompyuta yake, ndipo mizere ya pa chithunzi cha zotsatira inasuntha onse akuona. Mkati mwa malo otetezedwa nsomba zinali zochuluka kuposa kunja, ngakhale m'chaka chimene madzi anatentha. Zochuluka kwambiri zinali zija a Kamtedza ankazitcha aganyu. Ralph anafotokoza kuti zimenezo ndi zimene zimapala ndere pa makorali akufa, kuti ana a makorali apeze mwala woyera pomera.

"Auzeni adokotalawo kuti ayamba kale kumera," anatero Yusufu. "Sabata yatha ndinalowa pamwala womwewo. Pali timakorali tatsopano, tating'ono ngati zikhadabo, tambirimbiri. Ndimafuna kuwauza, koma Chingelezi chake chinandithawa." Anapukusa mutu akuseka. "Akuluakulu sananame, mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Achimwene, mudzabwere mudzamuone Mzee ndi maso anu."

Foni itatha, Ralph anakumbukira envelopu ija. Anaitsegula, anayerekeza ndi pepala la a Kamtedza, nanena kuti pa tizigawo tisanu ndi kamodzi timene anamaliza, anaphonya dzina limodzi lokha, ndipo pawiri anapeza nsomba zimene mayankhowo analibe.

"Ndiye ndakhoza?" anafunsa a Kamtedza.

"Bambo Kamtedza, ndikuganiza kuti takhoza ndife," anatero Ralph.

Pobwerera, m'basi, a Kamtedza anakhala pawindo, tayi ali m'thumba. Atadutsa mafakitale akale a zitsulo a pakati pa Sheffield ndi Rotherham, anayamba kuimba chapansipansi nyimbo ina imene ankaimba m'boti popita ku zilumba. Mayi wina wachizungu amene anakhala kutsogolo kwawo anatembenuka. Iwo anamugwedezera mutu n'kupitiriza.

Kondie anamaliza mavidiyo ake sabata imodzi Epulo asanathe. Mu Meyi uthenga unabwera kuchokera kwa Yusufu, wojambulidwa ndi mawu pafoni, phokoso la anthu likumveka kumbuyo. Msonkhano unatenga tsiku lonse, anthu anakangana kwambiri, koma pamapeto anagwirizana kuti chigawocho chikhale chotseka zaka zina zisanu. Asodzi ena ananena okha kuti m'malire mwa malowo mbedza zayamba kulemera. A Kamtedza anaumvetsera uthengawo kanayi, kenako anakawatsegulira a Lucy kukhitchini kuti amve nawo.

A Kamtedza anali atabwerera ku weyahausi, koma Lachitatu lililonse ankapita ku Sheffield, kumene Ralph anawapatsa tebulo lawolawo ndi khadi lolowera pakhomo. Ophunzira atsopano ankatumizidwa kwa iwo kuti akaphunzire kaonedwe. Ndipo tsiku lina Ralph anawauza kuti gulu lopita ku Nangata mu Okutobala likufuna munthu wina wolowa m'madzi, wowerenga nsomba ndi maso pamene kamera singafike. Kondie anali kale pa mndandanda. Chofunika chinali chimodzi: setifiketi. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi za pansi pa madzi zinalibe pepala lililonse.

Choncho Loweruka lina la mu Juni, bambo ndi mwana wake anapezeka pa dziwe losambiramo la mumzinda wa Sheffield, atavala zovala zakuda za labala. Mphunzitsi wawo anali Harvey, bambo wamfupi wadazi, wa nthabwala zambiri. A Lucy anakhala pa mabenchi a m'mwamba, chikwama chili pamiyendo, atanena kale kuti iwo abwera ngati namwino, osati ngati woonerera.

Harvey anawafotokozera zonse pang'onopang'ono, botolo la mpweya, wotchi yoonetsa mpweya wotsala, jekete yofufuma. A Kamtedza anamvetsera modzichepetsa, chifukwa zambiri zinali zatsopano kwa iwo. Kenako Harvey anawauza kuti agwade pamalo osaya, alowetse nkhope m'madzi, apume katatu.

Madziwo ankanunkha mankhwala, ndipo pansi pake panali matailosi oyera ndi mzere wakuda basi. Koma mpweya woyamba utalowa m'chifuwa, ndi mkokomo uja wa thovu likukwera m'mbali mwa makutu, thupi lawo linakumbukira lokha. Mapewa anamasuka. Mwendo wothyoka uja unasiya kulemera. Anagona chafufumimba, anakankha kamodzi ndi zipsepse za labala, n'kutsetsereka mpaka kozama, kumene anakaima pakati pa madzi, osakwera, osatsika, manja atapinda pachifuwa.

Harvey anawatsatira, anawazungulira kamodzi, kenako anatulutsa mutu pamwamba n'kufunsa Kondie ngati bambo akewo abwera kudzaphunzira kapena kudzamulanda ntchito.

Kwa Kondie zinthu sizinayende choncho. Kusambira ankatha, koma pamene anauzidwa kuti alowetse madzi m'magalasi ake osambirira ali pansi n'kuwatulutsa ndi mpweya wa m'mphuno, madzi anamulowa, anatsamwa, n'kuthawira pamwamba akutsokomola. Anayesa kachiwiri, chimodzimodzi. Anagwira khoma la dziwe, maso ali ofiira.

"Sinditha, adadi. Nsomba ndizingozionera pakompyuta."

A Kamtedza anasambira n'kudzagwira khoma pafupi naye. "Ine tsiku langa loyamba ndinamwa theka la nyanja, ndipo anzanga m'boti anandiseka mwezi wathunthu. Vuto lako ukulimbana nawo madzi. Asiye akhudze nkhope, si adani ako. Tiye limodzi. Uziyang'ana ine, usayang'ane china."

Anamira onse awiri, nagwada moyang'anana. A Kamtedza anavula magalasi awo onse, maso ali otsegula, akupuma mosafulumira. Anawavalanso, anakweza mutu pang'ono, anapemerera ndi mphuno, madzi n'kutuluka. Kenako anamugwira mwana wawo dzanja. Kondie anatsegula m'mphepete mwa magalasi ake. Madzi anadzaza mpaka m'maso. Dzanja lake linafinya la bambo ake mwamphamvu, koma sanathawe. Anapuma kamodzi, kawiri, anakweza mutu, thovu linatuluka, ndipo kumbuyo kwa galasi kunaoneka maso ake ali mwaa, akuseka.

Atatulukira pamwamba anamva kuwomba m'manja kwa munthu mmodzi. A Lucy anali ataimirira pabenchi, chikwama chitagwa pansi.

"Amayi a Kondie, tsikani mudzayese nanunso!" anafuula a Kamtedza.

"Ine? Mulungu anandipatsa mapapo a kumtunda. Koma ku Mozambique kokhako ndikupita nawo, ndapempha kale tchuthi. Wina ayenera kukhala m'boti n'kumakuwerengani inuyo potuluka."

Harvey anafunsa chimene mayiwo anena. Kondie atamumasulira, anaseka mpaka anatsamwa madzi, kenako anayang'ana wotchi yake n'kunena kuti kwatsala mphindi makumi awiri, ndipo pali zinthu zina zitatu zoti aphunzire. A Kamtedza anaika chopumira mkamwa, anakodola mwana wawo, ndipo anamiranso.